Chokoleti cha ku Ulaya, tofi wa ku Joni kapena switi ya pa kantemba: tigule iti mu Lusaka muno?

Mu Lusaka switi imayesedwa ndi mwezi wa Okutobala. Kukoma pakamwa n'kofunika, koma musanafike pa kukomako pali funso lina: ikachoka pa shelefu ku Manda Hill kapena pa tebulo la wogulitsa ku Soweto Market, n'kukwera minibasi ya ku Matero dzuwa lili paliwombo, kodi ifika kunyumba ili momwe munaigulira? Ine ndimagula maswiti kawirikawiri, a ana a pakhomo, a ana a Sande sukulu, ndiponso olongedza m'timatumba ta pa phwando la mwana. Ndiye ndikamayerekeza switi ya dziko ili ndi ya dziko lina, sindiyambira pa dzina la kampani. Ndimayamba ndaona ngati ipirira kutentha, ndiponso ngati ingagawike pakati pa ana ambiri popanda wina kubwerera kwawo akulira. Za mtengo zimabwera pambuyo.

Chokoleti ndi pamene anthu amatayapo ndalama zambiri. Chokoleti chenicheni chimapangidwa ndi mafuta a koko, ndipo mafuta amenewa amasungunuka kutentha kukafika pafupifupi madigiri 34, kutsikirako pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu. N'chifukwa chake chimasungunuka chokha pa lilime osachitafuna. Ubwino wake uli pomwepo, vuto lakenso lili pomwepo. Lusaka ali pamalo okwera, mamita opitirira 1,200, choncho sitipsa ngati anzathu a ku Chirundu kapena ku Luangwa, komabe mu Okutobala masana timadutsa madigiri 30, ndipo m'chikwama kapena m'galimoto yoimikidwa padzuwa ndiye osanena. Mungati filiji ilipo. Koma tonse tikukumbukira chaka cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, mmene magetsi ankathimira pafupifupi tsiku lonse. Chokoleti chikasungunuka n'kuumanso chimatuwa pamwamba. Si nkhungu ayi, ndi mafuta aja amene akwera pamwamba, ndipo sichidwalitsa munthu. Koma kusalala kwake kumakhala kutapita, chimangomveka mchengamchenga m'kamwa.

Pa kukoma pokha, cha ku Ulaya palibe chochiposa, ndipo ine sindingatsutse. Kusalala kwa chokoleti cha Lindt kuli ndi mbiri yake: Rodolphe Lindt ndiye anapanga makina otakasa chokoleti kwa maola ambirimbiri mpaka chitasalala, ku Bern m'dziko la Switzerland mu 1879. Toblerone, wa tizidutswa tosongoka uja, anayambira mu mzinda womwewo mu 1908, ndipo m'kati mwake muli uchi ndi tizibenthu ta amondi tomata m'mano. Ferrero Rocher wa ku Italy ndiye mfumu ya mphatso: kapepala kagolide, m'kati kamtedza kathunthu ka hazelnut kozunguliridwa ndi chokoleti chofewa ndi kachigoba kopyapyala. Koma taonani chimene eni ake amachita. Ku Italy ndi ku Germany kampani ya Ferrero imachotsa maswiti ake ena m'mashopu nyengo yotentha, n'kuwabweza kukayamba kuzizira, chifukwa imadziwa kuti sapirira. Ngati eni ake amaopa dzuwa la kwawo, nanga lathu? Maswiti amenewa nthawi yake kwathu kuno ndi Juni ndi Julaye. Pamenepo gulani, mupatse amayi kapena apongozi, adye akumva bwino. Mu Okutobala mukhala mwalipira ndalama ya thumba lonse la malolipopu pa chinthu chimene mukachidya ndi sipuni.

Chokoleti chimene ambiri tinakula nacho n'chochokera kumwera. Cadbury Dairy Milk anayambira ku England mu 1905, koma amene timamupeza m'mashopu athu kawirikawiri amachokera ku South Africa, kumene Cadbury ali ndi fakitale ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth. Lunch Bar ndi P.S. ndi a komweko, ndipo Bar One wa Nestlé anabadwira ku South Africa mu 1965. Poyerekeza ndi cha ku Switzerland, ichi n'chotsekemera kwambiri, mkaka umamveka kuposa koko. Anthu ena amachinyoza pa chifukwa chimenechi, koma ana ndi agogo amakonda chomwechi. Chimasungunukanso, musanamizidwe. Chimene chimandikopa ndi kugawika. Dairy Milk wamkulu ali ndi mizere, mumathyola aliyense kabokosi kake, palibe wonena kuti wanga wachepa. Kit Kat, amene anayambira ku York mu 1935, ali ndi zala zinayi, ndiye ana anayi nkhani yatha. Lunch Bar ndi wokoma zedi, mtedza, kalamelo ndi bisiketi zonse pamodzi, koma yesani kumudula pakati: amanyenyeka, kalamelo amatamuka, theka lina limatuluka lalikulu. Ameneyu ndi wa munthu mmodzi. Bar One chimodzimodzi.

Pali opanga ena amene anaganizira za kutentha kuyambira pachiyambi. Smarties, amene anatenga dzina limeneli mu 1937 ku England, ndi M&M's wa ku America wa mu 1941, onse ndi chokoleti chovekedwa kachigoba ka shuga. M&M's poyamba ankapita kwambiri kwa asilikali a pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anthu amene analibe filiji m'thumba. M'kati mukhoza kufewa, koma chigobacho chimagwira, ndipo mwana akachedwa nato m'manja chimene chimatsala ndi utoto chabe. Pa awiriwa ine ndimatenga Smarties, chifukwa amapezeka paliponse ndipo timabokosi take ting'onoting'ono timakwana bwino m'kathumba ka phwando. Kinder Joy, kadzira ka pulasitiki kogawika pawiri, anathetsa vutoli mwanjira ina: chokoleticho n'chofewa kale, chimabwera ndi kasipuni kake, ndiye dzuwa lilibe choononga. Koma ndalama yambiri mumalipirira kachidole ka mbali inayo, ndipo sagawika m'pang'ono pomwe. Pakhomo pa ana atatu, mugule atatu kapena musagule.

Pa tuntemba ndi m'mashopu ogulitsa zambirizambiri ku Kamwala mulinso chokoleti chotchipa chimene sichisungunuka ngakhale chikhale padzuwa. Chinsinsi chake chili pa pepala. Mukaona palembedwa kuti vegetable fat m'malo mwa cocoa butter, dziwani kuti mafuta a koko achotsedwamo n'kuikamo mafuta ena, kawirikawiri a kanjedza. Chimenechi chimasiya phulaphula kumwamba kwa kamwa. Si poizoni, ndipo mwana wa zaka zisanu sadandaula, koma musachigule pa mtengo wa chenicheni. Chinachuluka pa chifukwa chodziwika: mu 2024 mtengo wa koko pa msika wa dziko lonse unadutsa madola 10,000 pa tani imodzi, zokolola zitavuta ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, maiko awiri amene amalima koko woposa theka la wa padziko lonse. Ku Ghana komweko, ku Tema, amapanga chokoleti chawo cha Golden Tree, cholimba, chodziwika kuti chimapirira dzuwa ndipo koko amamvekamo ndithu. Mukakhala ndi wachibale wopita ku Accra, mutumeni.

Tsopano switi ya kamtengo, imene kwa ine ndiyo mwini mzinda uno. Imapangidwa pophika shuga mpaka kufika pafupifupi madigiri 150, ndiye kutentha kwa Okutobala sikuiopsa konse. Mdani wake ndi chinyezi: mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ili pakati, thumba likakhala chotsegula maswiti amayamba kunyowa n'kumata ku pepala. Apa pali opikisana atatu amene ndimawadziwa bwino. Amazon ndi wa kwathu, wa kampani ya Trade Kings ya mu Lusaka momwemuno, imene inayamba mu 1995 ndipo ambiri timaidziwira pa sopo wa Boom. Pin Pop ndi Yogueta ndi a kampani ya Aldor ya ku Colombia, imene ilinso ndi fakitale ku South Africa. Pin Pop ali ndi chingamu pakati, Yogueta amamveka yogati. Chupa Chups ndi wa ku Spain, anayambitsidwa ndi Enric Bernat mu 1958, ndipo chizindikiro chake chamaluwa chija anajambula ndi Salvador Dalí mu 1969. Chupa Chups ndi wosalala, fungo la chipatso limamveka bwino kuposa enawo, koma ndi wamng'ono ndipo ndi wodula. Pin Pop amakondedwa ndi ana okulirapo chifukwa amati agula ziwiri pa mtengo umodzi. Ine kalasi ikakhala ya ana ambiri ndimanyamula thumba la Amazon, mitundu yosakaniza, aliyense asankhe wake. Dziko limene limalima nzimbe zochuluka chonchi ku Nakambala siliyenera kuitanitsa shuga wophika kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndipo pa switi ya mtundu uwu kusiyana kwa kukoma n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana kwa mtengo.

Koma ndinene chilungamo, ngakhale ndimaikonda. Pa nkhani ya mano, switi ya kamtengo ndi yoipa kuposa chokoleti. Chokoleti chimatha msanga, malovu n'kutsuka. Lolipopu amakhala m'kamwa nthawi yaitali, mano ali m'madzi a shuga, ndipo mwana akamaliza uyu n'kuyamba wina mano sapuma. Bungwe la World Health Organization mu 2015 linalangiza kuti shuga wowonjezera asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu za chakudya cha tsiku, ndipo n'kwabwino koposa kutsikira pa theka la pamenepo, kumene kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 25, masipuni aang'ono 6. Tiyi wa m'mawa yekha kwa ambiri a ife wadya kale gawo lalikulu. Ndiye ana apatseni switi atangotha kudya, osati tsiku lonse pang'onopang'ono, ndipo madzi atsatire. Kwa makanda ndi ana a zaka zosakwana zinayi switi yolimba musayerekeze, imatsamwitsa. Ndiponso mwana wokhala ndi kamtengo m'kamwa akhale pansi, asathamange.

Za chingamu ndi tofi ndidutsa msanga. Chappies wa ku Johannesburg wakhalapo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo ubwino wake weniweni uli m'kati mwa pepala, mmene amalembamo timfundo ta zinthu zosiyanasiyana. Ana amene akuphunzira kuwerenga amalimbirana mapepalawo. Kukoma kumatha msanga. Ndi chingamu ndi timaswiti totere timene ogulitsa ena amakupatsani akamati, "Amayi, chenji palibe, tengani switi." Ine ndimakana mwaulemu, chifukwa tsiku limene ine ndaperewera ngwee palibe amene amalandira switi. Fizzer wa Beacon kukatentha amafewa n'kumata ku pepala, kukazizira amauma gwa, ndipo onse awiri amazula dzino logwedera. Wabwino pa gulu limeneli ndi Eclairs wa Cadbury, tofi kunja chokoleti m'kati: chokoleticho n'chotetezedwa, aliyense ali m'pepala lake, ndipo pa mbale ya pa ukwati kapena pa tebulo la mu ofesi sachititsa manyazi.

Maswiti otamuka aja, a timaonekedwe ta zimbalangondo ndi tinjoka, ali ndi nkhani ina imene ambiri saiganizira. Haribo anayambitsidwa ndi Hans Riegel ku Bonn m'dziko la Germany mu 1920, ndipo ndiye mwini wa tizimbalangondo. Chimene chimapangitsa kuti atamuke ndi jelatini, ndipo jelatini amachokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, ku Ulaya kawirikawiri nkhumba. Mu Lusaka muno pa phwando la ana simungalephere kukhala ndi mwana wa m'banja la Chisilamu kapena la Seventh-day Adventist, ndipo kumudyetsa zimene makolo ake sadya, ngakhale mosadziwa, si chinthu chaching'ono. Werengani pepala. Haribo wopangidwa ku Turkey amagwiritsa ntchito jelatini wa ng'ombe ndipo amakhala ndi chizindikiro cha halaal, ndiponso maswiti ambiri a ku South Africa amaika chizindikiro chimenechi. Kwa anzathu Achihindu osadya nyama, ngakhale wa ng'ombeyo sathandiza. Wine gums a Maynards mulibe vinyo, pamenepo musaope. Pa kutentha, jelatini nayenso amafooka: thumba likagona m'galimoto mumapeza tizimbalangondo tonse tagwirana kukhala chibuma chimodzi.

M'mashopu a Achaina mupeza White Rabbit wa ku Shanghai, switi yamkaka yoyera, yolimba poyamba kenako yotafunika. Mukachotsa pepala lakunja mumapeza kena kopyapyala koonekera m'kati. Musavutike kukasenda, n'kopangidwa ndi ufa ndipo kamadyedwa. Mu 2008 anachotsedwa m'mashopu m'maiko ambiri pa nthawi ya vuto la mkaka wosakanizidwa ndi mankhwala oopsa a melamine ku China, kenako anabwereranso pa msika. Mkaka wake umamveka bwino kuposa tofi wambiri wa ku Joni, ndipo amapirira. Chondivuta ndi maswiti ena a m'mashopu amenewa amene pepala lonse ndi Chitchaina chokhachokha. Chimene sindingawerenge tsiku lake lothera ntchito sindipatsa mwana wa mwini.

Maswiti a Chimwenye ali paokha, chifukwa si a m'fakitale, ndi ophika. Jalebi ndi ufa wokazinga m'mafuta mozungulirazungulira, wofiirira ngati lalanje, kenako woviikidwa m'madzi a shuga. Akakhala wotentha amati khrr kunja, m'kati madzi otsekemera n'kutuluka. Gulab jamun ali ngati kachitumbuwa kakang'ono kofewa kamene kagona m'madzi a shuga onunkhira maluwa, kungoti mtanda wake ndi wa mkaka. Barfi ndi mkaka wophikidwa mpaka kuuma, wodulidwa tizidutswa, nthawi zina ndi kokonati kapena pistachio pamwamba. Laddu ndi timipira ta ufa wa mbewu yonga nandolo yotchedwa chickpea wokazingidwa mu mafuta a batala. Amachuluka pa Eid ya Asilamu ndi pa Diwali ya Ahindu (Diwaliyo imagwa mu Okutobala kapena Novembala), ndipo mnzanu wa ku ntchito akakubweretserani kabokosi pa masiku amenewa wakulemekezani. Ndikawaika pambali pa chokoleti cha ku Switzerland, pa alendo akuluakulu ine ndimasankha barfi: sasungunuka m'manja, amadulika bwino, ndipo ndi tiyi wopanda shuga amakoma modabwitsa. Vuto lake ndi lakuti sakhalitsa. Za mkaka zimenezi popanda filiji zimasasa msanga, ndipo jalebi wa dzulo ndi wolobodoka. Gulani wokwanira tsiku lomwelo. Ndiponso ndi otsekemera kwambiri, kachidutswa kamodzi kamakwana. Amene ali ndi matenda a shuga asayesedwe ndi kuchepa kwake.

Zimene zili pamtima panga kwenikweni ndi ziwiri zochokera ku Tanzania, zimene amalonda opita ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam nthawi zina amabwera nazo kudzera ku Nakonde. China ndi mabuyu a ku Zanzibar ndi ku gombe konse mpaka ku Mombasa: nthangala za malambe zokhala ndi ufa wake, zophikidwa m'madzi a shuga ndi utoto wofiira, cardamom ndi katsabola pang'ono. Mumamung'unya, kutsekemera kumayamba, kuwawasa kwa malambe n'kubwera, katsabola n'kumaliza, nthangala n'kulavula. Lilime limafiira mpaka madzulo. China ndi kashata, mtedza kapena kokonati wogwirana ndi shuga, amene kwawoko amadyera khofi wowawa. Zonse ziwiri sizifuna filiji, sizisungunuka, zimagawika mmene mungafunire, ndipo kashata wa mtedza amagwira m'mimba, mwana sabwerera kudzapempha wina pompopompo.

Chimandiwawa n'chakuti zopangira zonse tili nazo. Malambe a ku chigwa cha Luangwa, ku Chirundu ndi ku Siavonga amagulitsidwa m'misika mwathu, ndipo ali ndi vitamini C wambiri, koma ife timangomung'unya osaphika kapena kupangira madzi oumitsa m'timapulasitiki. Mtedza wa ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke ndi wonona kuposa umene uli mu Lunch Bar. Shuga ali pa Mazabuka pompa, uchi uli ku Mwinilunga ndi ku Kabompo. Komabe pa phwando la mwana timachita manyazi kuika mtedza wa shuga m'kathumba, ngati kuti tasauka, n'kukalipira zodula pa chinthu chimene chayenda ulendo wa masabata pa sitima ndi pa lole. Ine ndinaleka manyazi amenewo. M'timatumba tanga mumakhala lolipopu mmodzi, kabokosi ka Smarties ndalama zikalola, ndi kashata wopanga ndekha, ndipo makolo ndi amene amayamba kufunsa kuti, "Azakhali, uyu munagula kuti?" Chofunika n'kufunsiratu ngati pali mwana amene mtedza umamuwenga, chifukwa kwa ena ndi ngozi yeniyeni.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Sankhani mtedza bwinobwino, wa chuku ndi wonyala mutaye, chifukwa nkhungu ya mtedza ili ndi poizoni amene moto sumupha. Kazingani makapu 2, mupete makoko, musinje pang'ono osafika pa nsinjiro. Mumphika ikani kapu 1 ya shuga ndi theka la kapu ya madzi, muwiritse pa moto wapakati mpaka dontho lake likazizira pang'ono lizichita ulusi pakati pa zala. Thirani mtedza, kamchere, ndi cardamom wopera amene mungapeze m'mashopu a zokometsera ku Kamwala, n'kutakasa osaleka mpaka zitayamba kuchoka m'mbali mwa mphika. Khuthulirani pa thireyi yopaka mafuta, musalaze ndi mthiko, mudule zikadali zofunda chifukwa zikazizira zimangosweka paliponse. Ana akhale kutali ndi mbaula pa nthawiyi, shuga wowira amawotcha kuposa madzi. Sungani m'botolo lotseka bwino, ndipo nyengo ya mvula pangani wochepa, chinyezi chimamufewetsa.